Fulashi M'thumba: Zimene Kuika Linux Kwandiphunzitsa ku Nkhulambe

Makompyuta ambiri amene amafika ku Nkhulambe amafika atatopa kale. Ena anagwira ntchito zaka zambiri m'maofesi a ku Ulaya asanalongedzedwe m'kontena. Ena amabwera m'chikwama cha mwana wa pamudzi amene akuchokera ku Joni. Enanso ndi a m'masitolo a ku Limbe, opukutidwa bwino mpaka kuoneka ngati atsopano. Pamene akukwera minibasi ya ku Phalombe, kenaka njinga yamoto ya kabaza mpaka kuseri kuno kwa phiri la Mulanje, amakhala atadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo pa anthu onsewo palibe amene anasunga pepala lonena zimene zili m'kati mwake.

Pafupifupi onse amabwera ndi Windows, ndipo kawirikawiri si yogula ayi. Ndi ija yoikidwa pa shopu, yokhala ndi mawu pakona ya sikirini okumbutsa mwini wake kuti sinalipiridwe. Imayenda bwino miyezi ingapo. Kenaka mafulashi a aphunzitsi, a mlembi wa mpingo, a anyamata okopa nyimbo amayamba kulowa ndi kutuluka, ndipo tsiku lina munthu amatsegula fulashi yake n'kupeza kuti mafayilo onse abisika, pangotsala zizindikiro zopanda kanthu. Mayeso a teremu amene mphunzitsi anatayipa usiku wonse apita. Kaundula wa gulu la banki m'khonde wapita. Chimene chinandikankhira ku Linux ndi nkhope za anthu amenewa, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti pa makompyuta ambiri a kuno Linux ndiye yoyenera. Koma njira yofikira pamenepo ili ndi minga imene amene amaitamanda ali m'tauni saitchula.

Kwa amene sanaionepo, Linux ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, monga ilili Windows, kungoti aliyense ali ndi ufulu woitenga, kuigawa, kuona mmene inalembedwera ngakhalenso kuisintha. Phata lake anayamba kulilemba Linus Torvalds ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland mu 1991, chaka chimene ife a ku Phalombe timachikumbukira ndi napolo wa m'phiri la Michesi. Zida zambiri zozungulira phatalo zinachokera ku ntchito ya GNU imene Richard Stallman analengeza mu 1983. Magulu osiyanasiyana amasonkhanitsa zonsezi n'kuzipatsa dzina: Debian inayamba mu 1993, Ubuntu mu 2004 ndi chuma cha Mark Shuttleworth wa ku South Africa, Linux Mint mu 2006. Foni iliyonse ya Android imene ili m'thumba mwa wogulitsa nandolo pa msika ikuyendera phata lomwelo, ngakhale mwini wake sadziwa.

Pa foni, Linux imabwera itaikidwa kale ndi amene anapanga foniyo. Pa kompyuta yakale uyenera kuika wekha, ndipo apa ndi pamene pamayambira nkhani.

Choyamba ndi kuipeza. Amati ndi yaulere, ndipo n'zoona kuti palibe amene angakulipiritse, koma Ubuntu 24.04 ndi fayilo ya pafupifupi 6 GB, Linux Mint pafupifupi 3 GB. Kumeneko ndi kugula bandulo ya ndalama zimene banja likanagulira ndiwo za masiku angapo, ndiye n'kuikoka pa netiweki imene imabwera ndi kupita malinga ndi pamene waima. Fayiloyo ikaduka panjira kapena kufika ndi chilema chosaoneka, umazindikira mochedwa, kuika kutafika pakati. Pamafunikanso kompyuta ina yamoyo yoti ulembere fayiloyo pa fulashi, ndipo munthu amene wabwera kudzapempha thandizo nthawi zambiri kompyuta yake ndi imodzi yomweyo imene yafa. Pomaliza pamafunika magetsi okhazikika kwa ola lathunthu. Laputopu zambiri zakale batire yake inatha kalekale, zimangodalira chaja, moti magetsi akangophethira diski ikugawidwa, Windows yakale ija yapita ndipo Linux yatsopano sinafike. N'chifukwa chake ndikapita ku Blantyre ndimabwerako ndi mafulashi okonzeka, ndipo sindiyamba kuika popanda batire ya sola yodzaza pambali.

Chachiwiri ndi kunyengerera kompyutayo kuti ivomere kudzuka kuchokera pa fulashi. Kampani iliyonse ili ndi batani lake: pa Dell ndi Lenovo nthawi zambiri ndi F12, pa HP ndi F9, pa zina ndi Esc, ndipo uyenera kulidina m'kamphindi kochepa kompyuta ikangoyaka. Zimenezi n'zosavuta ukazolowera. Chovuta ndi laputopu yochokera mu ofesi ya kunja imene BIOS yake, kapulogalamu kodzutsa kompyutayo, inatsekedwa ndi mawu achinsinsi. Amene anawaika ali ku dziko lina ndipo anaiwala kuti chipangizocho chinaliko. Pa makina ena palibe njira yolambalala popanda kutsegula m'mimba mwake ndi zida zimene kuno kulibe. Palinso Secure Boot, imene inafala ndi Windows 8 mu 2012: kompyuta imakana kudzuka ndi pulogalamu yopanda siginecha yoidziwa. Ubuntu, Debian ndi Fedora zinapeza njira yodutsira kudzera m'kapulogalamu kosainidwa ndi Microsoft, koma mitundu ina yaing'ono ya Linux, imene ili yopepuka yoyenera makina ofooka, siidutsa mpaka utazimitsa chitetezocho. Nthawi zina zonse zimayenda, koma pofika posankha diski, palibe diski imene ikuoneka. Ilimo ndithu, kungoti BIOS yaiika pa RAID ndipo ikufunika kusinthidwa kupita pa AHCI. Munthu woyamba kumene angaganize kuti diski yapsa n'kupita kukagula ina.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa kandiphunzitsa zambiri kuposa mabuku. M'kompyuta iliyonse muli kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri ka mtundu wa CR2032, kamene ntchito yake ndi kusunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS magetsi akazima. Pa makina a zaka khumi kabatireka kamakhala katatha. Ukazimitsa, wotchi imabwerera ku chaka chimene kompyutayo inapangidwa. Ukayatsa n'kulowa pa intaneti, masamba amakana kutseguka, amati chiphaso chawo sichinayambe kugwira ntchito. Ukafuna kukoka mapulogalamu atsopano, Linux imakana, chifukwa malinga ndi wotchi yake, mndandanda umene walandira ndi wa m'tsogolo. Zonse zimene unasintha mu BIOS dzulo zabwerera mwakale, ndipo kompyuta imene inadzuka bwino madzulo ikukana m'mawa. Uthenga umene umaoneka pa sikirini sutchula batire ngakhale pang'ono. Mwini wake amanena kuti Linux ndi yoipa, pamene mankhwala ake amagulidwa kwa okonza mawotchi pa mtengo wochepa. Amene analemba mauthengawo sanalakwe, koma ankaganizira munthu wa kompyuta yatsopano ndi magetsi osazima. Zovuta zambiri zimene ndakumana nazo gwero lake ndi lomweli: pulogalamuyo inalembedwa ndi anthu a mtima wabwino amene m'maganizo mwawo munalibe malo ngati athu.

Palibe paliponse pamene zimenezi zimaonekera bwino kuposa pa Wi-Fi. Kachipangizo kalikonse m'kompyuta, kaya ndi ka mawu, ka zithunzi kapena ka netiweki, kamafuna driver, ndiye kuti kapulogalamu kodziwa kulankhula nako. Pa Linux ma driver ambiri amabwera m'phata momwemo, n'chifukwa chake kiyibodi, mawusi, sikirini ndi zolankhulira zimangogwira popanda kuchita chilichonse. Koma tizipangizo tina ta Wi-Fi timafuna driver kapena firmware (kapulogalamu koyenda m'kati mwa kachipangizoko) imene kampani yake siilola kuti igawidwe momasuka limodzi ndi zinazo. Ukamaliza kuika, kompyuta imakuuza kuti chosowacho uchikoke pa intaneti. Intanetiyo ungaifike pa Wi-Fi, ndipo Wi-Fi ndi imene ikusowa driver. Malangizo amene amapezeka amati ulumikize chingwe cha netiweki ku rauta ya m'nyumba. M'dera lino nyumba ya rauta ndi chingwe ndi ya kuiwerenga pa zala.

Njira imene imatipulumutsa ndi foni. Ukailumikiza ku kompyuta ndi chingwe chochajira n'kuyatsa USB tethering, Linux imaiona ngati chingwe cha netiweki popanda kufuna china chilichonse, ndipo driver ija imakokedwa m'mphindi zochepa. Chingwecho chiyenera kukhala chodutsa data, poti zambiri zotchipa za pa msika zimangochaja basi. Ichi ndimachiphunzitsa aliyense amene ndamuikira Linux ndisanamuphunzitse china chilichonse.

Pa nkhani ya firmware imeneyi panali mkangano wautali pakati pa anthu a Debian. Kwa zaka zambiri fayilo yawo yovomerezeka inalibe firmware yobisika mkati mwake, chifukwa cha mfundo yakuti chilichonse chimene akugawa chikhale choti munthu angathe kuchiwerenga ndi kuchisintha. Mu 2022 anaponya voti n'kusintha, ndipo kuyambira Debian 12 ya mu June 2023 firmware yotereyi imabwera pa fulashi pomwepo. Mfundo yakaleyo ndimailemekeza. Popanda anthu ouma khosi ngati amenewo, makampani sakanagonja pa chilichonse. Koma mtengo wa kuuma khosiko sunkagwera onse mofanana. Wa ku Berlin ankangolumikiza chingwe n'kupitiriza. Wa ku Nkhulambe ankatseka laputopu n'kudikira ulendo wa ku boma. Ndikuona kuti anasankha bwino.

Phunziro lolemera kwambiri ndinalipeza pa pulinta. Pa malo ena a malonda m'dera lino pali mayi amene amadyetsa banja lake ndi kutayipa, kupulinta ndi fotokope. Makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro, mayeso a sukulu zozungulira, zonse zimadutsa pa tebulo lake. Mavairasi anamusautsa kwambiri, poti fulashi ya kasitomala aliyense imalowa m'kompyuta yake, ndipo anandipempha kuti ndimuikire chija anamva kuti sichigwidwa matenda. Ndinadzutsa kompyutayo kuchokera pa fulashi osafufuta kalikonse, kuti tiyese kaye. Zonse zinagwira. Inkathamanga kuposa kale, mafayilo ake a Word anatseguka mu LibreOffice, pulogalamu yaulere yolembera, ngakhale mafayilo amene vairasi inabisa pa fulashi ya kasitomala wina anaonekera. Pulinta yokha inangokhala chete. Linux inkaiona, inkatchula ndi dzina lake lomwe, inkanena kuti yatumiza tsamba, koma pepala silinatuluke.

Ndinayamba kumufotokozera za ufulu wa mapulogalamu ndi za makampani obisa zinsinsi. Anandimvetsera mwaulemu, kenaka anati, "Achimwene, zonsezo ndamva ndipo n'zabwino. Koma taonani pakhondepo, anthu aja akudikira makalata awo. Pulintayi igwira lero kapena ayi?"

"Lero ayi, mayi," ndinatero.

"Ndiye ndisiyireni yakale yomweyi. Ndikadzagula pulinta ina mudzandiperekeze."

Tinatero. Windows inatsala, ndinangomuikira Linux pa kalaputopu kena kakale koti azitsegulira ndi kuyeretsa mafulashi a makasitomala asanawalowetse m'kompyuta yaikulu. Mayiyo ananena zoona zimene ife okonda Linux timachedwa kuzivomera: chimene munthu amadalira pa moyo wake ndicho chiyenera kuyesedwa choyamba, ndipo chikakana, nkhani yathera pomwepo. Palibe phindu kumupatsa kompyuta yopanda vairasi imene siitulutsa pepala.

Chifukwa chimene pulinta zina zimakanira n'choyenera kuchidziwa, poti chimathandiza pogula. Pulinta zodula zili ndi ubongo wake ndipo zimamva zilankhulo zodziwika monga PostScript ndi PCL, zimene CUPS, pulogalamu yopulintira ya pa Linux imene inatuluka mu 1999, imazidziwa bwino. Pulinta zambiri zotchipa anazichotsa ubongowo kuti mtengo utsike. Ntchito yonse imachitikira m'kompyuta, ndipo zotsatira zake zimatumizidwa m'chilankhulo cha kampani yokhayo. Kampaniyo ikapanda kulemba driver ya Linux, kapena ikalemba kamodzi n'kuisiya osaikonzanso, pulintayo yatsekeka. Zotchipazi ndi zimene zimafika kwa ife. Zatsopano zambiri zolumikizidwa pa netiweki zimatsata njira ya IPP Everywhere yosafuna driver konse, koma zidzatenga nthawi kuti zitsike mtengo mpaka kufika pa tebulo la mayi uja.

Anthu akamati Windows ndi yosavuta ndipo Linux ndi yovuta, amayerekeza zinthu zosafanana. Windows imaoneka yosavuta chifukwa wina anavutika kale ku fakitale, anasonkhanitsa ma driver onse n'kuwayesa pa chipangizo chimenecho. Amene anaikapo Windows pa diski yopanda kanthu akudziwa kuti nayonso imatha kudzuka yopanda netiweki, yopanda mawu, zilembo zili zikuluzikulu. Kusiyana kwake n'kwakuti kampani iliyonse yopanga tizipangizo imalemba driver ya Windows isanagulitse, pamene ya Linux ena amalemba, ena salemba. Kumene salemba, anthu ongodzipereka amakhala miyezi akufufuza mmene kachipangizoko kamalankhulira, popanda buku lililonse lochokera kwa mwini wake. Zinthu zasinthako ndithu. Intel imalemba yokha ma driver a zithunzi ndi a Wi-Fi n'kuwapereka ku phata la Linux. HP ili ndi HPLIP ya pulinta zake zambirimbiri. Broadcom inatulutsa driver yotseguka ya tizipangizo take tina mu 2010, ndipo NVIDIA inatsegula mbali ya ma driver ake mu 2022. Koma makina amene akufika kuno lero ndi a zaka za m'mbuyo, ndipo amabwera ndi mavuto a nthawi yawo.

Choncho nkhondo yeniyeni imamenyedwa pogula. Munthu wa kuno akamagula njinga amafunsa ngati masipoko ndi mahabu ake amapezeka pa Chiringa, chifukwa njinga yokongola yopanda masipeya imathera padenga. Kompyuta imafuna funso lomwelo, ndipo Linux ili ndi mwayi umene Windows ilibe: imatha kuyenda yonse kuchokera pa fulashi osakhudza diski. Wogula angathe kulowa m'sitolo ku Limbe ndi fulashi yake, kupempha mwaulemu kuti ayese, n'kuona m'mphindi khumi ngati Wi-Fi ikuona netiweki, ngati mawu akutuluka, ngati kamera ikugwira, ngati laputopu ikudzuka ukatseka chivindikiro n'kutsegulanso, ngati BIOS ili yotsegula. Wogulitsa akakana kuti uyese, wakuuza kale zimene umafuna kudziwa. Pa zimene ndaona, laputopu zopangidwira maofesi, monga ThinkPad, Latitude ndi EliteBook, sizivuta kawirikawiri, chifukwa zinagulidwa zambiri ndipo olemba Linux ambiri amagwiritsa ntchito zomwezo. Zonyezimira zotchipa zopangidwira pa nyumba ndi zimene zimabisa tizipangizo tachilendo.

Nzeru imeneyi si yatsopano m'Malawi muno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anayamba kuika makompyuta olembera odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Sanatole kompyuta iliyonse imene yapezeka n'kumalimbana nayo. Anasankha kachipangizo kamodzi, i-Opener, kamene kampani ya Netpliance inkagulitsa ku America kolowera pa intaneti ndipo malonda ake anali atalephera. Anakaika sikirini yogwira ndi chala, pambuyo pake anakayendetsa ndi Linux, ndipo magetsi ake ochepawo ankadutsa m'chingwe cha netiweki kuchokera ku mabatire, kuti magetsi akazima ntchito isaime. Chimodzi chikafa, ankachotsa n'kuika chinzake chofanana nacho. Njira imeneyi inakula mpaka kufika m'zipatala zambiri zoperekera ma ARV m'dziko muno. Chinawathandiza n'chakuti chipangizo, pulogalamu ndi magetsi anaziganizira limodzi, akuyang'ana chipinda chenicheni chimene zikagwire ntchito ndi kalaliki weniweni amene akazigwire.

Sukulu zathu zikalandira makompyuta zimalandira mosiyana ndi zimenezi. M'chipinda chimodzi mumakhala mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi, uliwonse ndi vuto lakelake. Mphunzitsi amene wapatsidwa udindo, amene mwina anaphunzira masamu kapena sayansi ndipo za makompyuta anangozitola, ayenera kudziwa matenda asanu m'malo mwa amodzi. Makina khumi a mtundu umodzi amaposa makumi awiri osakanikirana, chifukwa ukakonza imodzi bwinobwino, umakopa diski yake yonse kupita ku zinazo, ndipo imene yafa imasanduka nkhokwe ya masipeya.

Palinso za LibreOffice, zimene si za zipangizo koma zimabwera tsiku lomwelo loika Linux. Kalata yochokera ku boma yolembedwa ndi zilembo za Calibri imatha kusefukira pa tsamba lachiwiri, chifukwa zilembozo ndi za Microsoft ndipo pa Linux palibe. Kuika Carlito ndi Liberation, zilembo zaulere zofanana muyeso ndi za Microsoft, kumathetsa zambiri mwa zimenezi. Ana a Computer Studies amene mabuku awo amaonetsa zithunzi za Word ndi Excel amasokonezeka sabata yoyamba, kenaka amazolowera msanga kuposa aphunzitsi awo.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, ndipo Nkhulambe linali limodzi mwa madera amene anavutika koposa. Msewu wa Muloza kupita ku Chiringa unaduka, milatho inapita, chipatala chathu chaching'ono chinaonongeka, ndipo thandizo lina linkafika pa helikoputa. M'masiku amenewo palibe amene ankaganiza za kompyuta, ndipo sindikufuna kuika makina pafupi ndi maliro a abale athu. Koma miyezi yotsatira, pamene anthu anayamba kufunafuna mayina a ana a sukulu, mabuku a ngongole za magulu ndi zikalata zosiyanasiyana, ndinaona zinthu ziwiri zimene ndazisunga.

China chinali chokomera Linux. Kompyuta imene bodi yake yadyedwa ndi chinyezi nthawi zina diski yake imakhala yamoyo. Diski ya Linux ukaichotsa n'kuiika m'kompyuta ina, ngakhale ya kampani ina, kawirikawiri imangodzuka n'kupitiriza, chifukwa ma driver ali m'phata ndipo amasankhidwa nthawi yodzuka. Palibe chiphaso chofunsidwa, palibe nambala yoti uimbire. Ndipo fulashi yomwe ija yoikira imatha kutsegula diski ya Windows imene yakana kudzuka n'kupulumutsa mafayilo ake. Ufulu umene mayi uja analibe nthawi youmvetsera unaoneka phindu lake pamenepa.

Chinacho chinali chowawa. Msewu utaduka, kunalibe katswiri wochokera ku Blantyre, kunalibe intaneti yofunsira, ndipo kompyuta iliyonse inatsala ndi nzeru za anthu amene anali pafupi nayo. Pa Windows, ngakhale yosalipira ija, pa malo a malonda alionse pali mnyamata woidziwa. Pa Linux anthu otere ndi ochepa kwambiri. Kuika Linux pa kompyuta ya munthu n'kuchoka osasiya wina woidziwa ndi kumusiyira chinthu chimene tsiku lina chidzamutsekera panja. Kuyambira pamenepo sindiika ndekha. Mwini wake, kapena mwana wake, kapena mphunzitsi mnzake, amakhala pa mpando ndipo ndi iye amadina mabatani, ine ndili pambali. Zimatenga nthawi yowirikiza. Pochoka ndimasiya fulashi yoikira, mafayilo a ma driver amene makinawo anafuna, ndi pepala lolembedwa pamanja m'Chichewa: batani lodzutsira, dzina la kachipangizo ka Wi-Fi, zochita wotchi ikabwerera m'mbuyo. Achinyamata ena amene anayamba chonchi tsopano amandiuza zinthu zimene sindinkazidziwa, ndipo mtsikana wina wa Fomu 3 amadziwa kuwerenga zimene lamulo la lspci latulutsa n'kunena kuti vuto lili pa kachipangizo kati.

Sindinganene kuti Linux imaukitsa kompyuta iliyonse, ngakhale ambiri amalonjeza zimenezo. Mitundu yopepuka monga Lubuntu, Linux Mint Xfce ndi antiX imadzukadi pa makina a 2 GB ya RAM, koma ntchito yambiri lero ili m'kati mwa Firefox kapena Chrome. Ngakhale DHIS2, pulogalamu yotseguka yochokera ku yunivesite ya Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, imagwiritsidwa ntchito kudzera pamenepo. Izi n'zokomera Linux, poti tsamba la intaneti silifunsa kuti uli pa Windows kapena ayi, koma masamba a masiku ano amadya RAM mofanana kulikonse. Pansi pa 4 GB munthu amavutika. Kusintha diski yozungulira kuika SSD kumathandiza kuposa kusintha mtundu wa Linux, koma kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa SSD ndi RAM si wa masewera. Makina a 32-bit ndiye nthawi yawo ikutha: Ubuntu inasiya kalekale kuwapangira fayilo yoikira, ndipo Debian 13 ya mu August 2025 nayonso ilibe. Wina akabwera ndi makompyuta otere ngati mphatso, sukulu ili ndi ufulu wothokoza n'kukana, chifukwa posakhalitsa idzakhala ndi chipinda chodzaza zinyalala zimene ilibe kokazitaya.

Nkhaniyi ikufunika kukambidwa tsopano chifukwa cha zimene zachitika kunja. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 komanso, pa makina a Intel, purosesa ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Maofesi a ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa akuchotsa makompyuta abwinobwino, a Core i5 ndi 8 GB ya RAM, pa chifukwa chimenechi chokha. Ambiri adzatsata njira yomwe ija ya kontena, Limbe ndi minibasi. Ndi makina amphamvu kuposa amene takhala tikulandira, ndipo Linux imayenda pa iwo mosavuta. Akafika ndi Windows 10 yosasamalidwanso, kapena Windows 11 yokakamizidwa mokhota, tidzabwerera ku mafayilo obisika aja.

Mphunzitsi wamkulu kapena komiti imene yauzidwa kuti kukubwera makompyuta ingathe kufunsa zinthu zochepa katundu asananyamuke: akhale a mtundu umodzi, BIOS ikhale yotsegula, chaja iliyonse ikhalepo, tibatire ta wotchi tisinthidwe, pulinta iyesedwe ndi Linux yomweyo imene idzaikidwe, ndipo pabwere diski imodzi yokhala ndi mapulogalamu onse kuti chipindacho chithe kukonzedwa popanda intaneti. Opereka a mtima wabwino sangakhumudwe ndi mafunso amenewa. Chotsala chimene sichingatumizidwe m'kontena ndi nthawi ya munthu wosamalira makinawo: maola angapo pa sabata amene mphunzitsi mmodzi kapena awiri amasulidwa ku ntchito zina, ndi ndalama pang'ono za bandulo, mafulashi ndi tibatire. M'mabajeti amene ndawaonapo mzere umenewo mulibe, ndipo komiti ya makolo ndi aphunzitsi ndi imene ingayambe kuulemba pa msonkhano wake wa teremu ikubwerayi.